Kajasi ka Wachikwama

3 Novembala

Amayi ndi achimwene okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse pamodzi ndi alamu. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kale, dzuwa likumangosuzumira pang'ono n'kubwerera. Amayi, mwendo uja ukutani? Pa foni simukumvanso bwino, mumangoti "eya, eya" ngakhale ndikufunsa za mankhwala, ndiye ndabwerera ku makalata. Achimwene, muziwawerengera mokweza, ndipo musamadumphe.

Mukuwadziwa adokowe, mbalame zoyera zazitali miyendo zija, za milomo yofiira, zimene zimadzaza kumtaya nthawi ya mvula. Tili ana tinkati amagwa ndi mvula kuchokera kumitambo. Ayi, amachokera kuno. Amamanga zisa pamadenga, ndipo chisa china chili pachumuni chakale choyang'anizana ndi windo la ofesi yanga. Kukayamba kuzizira amanyamuka ulendo wa kwathu, kudutsa chipululu chonse. Sakupiza mapiko kwambiri. Amakwera mpweya wotentha umene umanyamuka pansi dzuwa likawomba, akafika pamwamba n'kumangotsetsereka.

Ntchito yanga ndi iyi. Tinagwira angapo n'kuwabereketsa kabokosi kumsana, kakang'ono ngati ka machesi. Kabokosiko kamatumiza uthenga ku kompyuta yanga kundiuza pamene mbalame ili. Sikafuna kutchaja, pamwamba pake pali kagalasi ka sola, kamadya dzuwa basi. Kakasowa dzuwa kamazima. Chimene ndikufufuza n'chakuti, kodi adokowe odya kumtaya m'malo mosaka achule ndi ziwala kudambo amakhala ndi mphamvu zobwerera?

Zinthu sizinandiyendere. Ena anafera pa mawaya a magetsi, ena tinangowataya. Watsala mmodzi, wamkazi, mwini wake wa chisa cha pachumuni chija, ndipo mapu akuonetsa kuti akulunjika kwathu konko. Kumapeto kwa Epulo akuluakulu a sukulu adzakhala pansi. Akadzapeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene wapita n'kubwerera ndili kumuona, adzatseka kafukufuku wanga, ine n'kubwera chimanjamanja, digiri osaiona.

Achimwene, inu mumakhuthula zinyalala kumtayako tsiku ndi tsiku. Muzikweza maso. Mukamuona mundiuze ngati akudya bwino.

Mzime wanu.

6 Disembala

Mlongo wanga, Dokotala wa Mbalame,

Moni wako tinalandira. Amayi ali bwino, mwendo umangotupa kukachita mitambo. Magalasi awo anathyoka mbali imodzi, amanga ndi ulusi, ndiye ukapeza ena utumize. Kusoka sanasiye, makina amayamba kulira ine ndisanasambe. Mlamu wako akuti moni, akutinso jekete unalonjeza lija likubwera wapansi kodi?

Kalata yako ndinawerenga mokuwa, moti mpaka a nyumba yachitatu akudziwa kuti ukhoza kulephera. Koma ndisaname, pakati paja pa zamakompyuta ndinadumpha. Zamasukulu zimandiwawitsa mutu, komanso pakhosi panauma. Ndinangowauza amayi kuti mwana wanu watumiza mbalame itanyamula katundu wake, katunduyo akabwerera bwino apatsidwa digiri. Anagwedeza mutu, anati zamveka.

Tsono tamvera. Lachiwiri ndikubweza lole kuti ndikhuthule, ndinaona gulu la anzako aja likuyenda pazinyalala ngati akuluakulu oyendera ntchito. Pakati pawo panali wina wobereka kachikwama ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Ndinaponda buleki mwamphamvu mpaka anzanga a kumbuyo anandinenera mawu osalembeka. Tamutcha Wachikwama.

Wafunsa ngati akudya. Mlongo wanga, ameneyu ndi chigawenga. Amalanda matumbo a nkhuku pakamwa pa akhwangwala, agalu amamupatukira. Woyendetsa katapila wokankhira zinyalala amaimitsa makina akamuona, amati adutse kaye mlendo wa kunja. Zaka zonsezi uli kusukulu, kukwera ndege, kuvala majuzi atatuatatu, kuti ukaphunzire mbalame imene imadya pantchito panga! Komabe ndinanyada, ndikuuze zoona. Ndinauza aliyense kuti kabokosi ako anamanga ndi manja ake ndi mlongo wanga.

Mlongo wako wa pa lole.

11 Januwale

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tili moyo, kupatula foni yanga. Khala pansi ndikuuze.

Mvula yakhala ikugwa osapuma, kumtaya kuli matope okhaokha. Lachisanu ndinamupeza Wachikwama ali kwala m'mbali mwa chithaphwi, anzake atamusiya. Chingwe chapulasitiki, zija zomangira matumba, chinamukulunga mwendo mpaka kulowa m'mnofu, mbali ina chitakola phiko. Agalu awiri anali atakhala poteropo ngati anthu odikira basi. Ndinalumpha m'lole injini ikulira. Matope anandifika m'chiuno, foni inasolotoka m'thumba n'kumira, ndipo mbalame yako pothokoza inandijompha pachipumi. Chipsera chake udzachiona.

Ndinamukulunga ndi ovolosi yanga n'kumukhazika kutsogolo, pampando wa kapitawo. Kunyumba mlamu wako anadula chingwe chija n'kutsuka bala, n'kupaka mankhwala a jivi, monga amachitira kuchipatala kwawo kuja. Tamuika m'khola lakale la nkhuku, kuseri kwa bafa. Akudya tinsomba ndi matumbo ochokera kwa wogulitsa nyama wa pakona uja, ndipo akudya kuposa ine.

Za katundu wako usadere nkhawa. Denga la khola limadontha, ndiye amayi ataona madzi akugwera pa kabokosi kaja anati, "Foni ya uyu yafa ndi madzi. Ndiye tiziyang'ana ya mwana wanga ikufanso?" Anang'amba ambulera yakale yakuda ija n'kusoka kajasi kokwana bwino, kotseka kabokosi konse, ka timabatani pachifuwa. Ngakhale dontho silingalowe. Wachikwama akuoneka ngati loya wa kukhoti.

Uzingolemba makalata, paja foni ya mlamu wako inabedwa mu minibasi ndipo sitinagulebe ina. Iyi ndapatsira mnzanga wa pa lole kuti akaponye, popita kwawo amadutsa ku positi.

Mlongo wako.

25 Januwale

Achimwene,

Moni kwa nonse. Iyi musawawerengere amayi. Ndayesa foni yanu kangapo konse, akungoti siikupezeka, ndipo chichokereni Disembala sindinalandire kalikonse kuchokera kwa inu. Muli bwino koma?

Wachikwama wazima. Masiku a mvula aja batire linali litatsika kale, uthenga unkabwera mwa apo ndi apo. Womaliza unaonetsa ali m'mbali mwa mtaya, malo amodzimodzi, osasuntha. Kuchokera apo, zii. M'mawa uliwonse ndimatsegula kompyuta ndisanavule n'komwe jekete, mapu amangondiyang'ana.

Apulofesa amene amandiyang'anira anabwera kudzaona. Ndi munthu wabwino, sananene zambiri. Anavula magalasi n'kunena kuti dokowe akaima malo amodzi kenako n'kuzima, kawirikawiri ndiye kuti wafa chagada, kagalasi kali m'matope. Anandigwira paphewa, n'kundiuza kuti ndiyambe kuganiza zimene ndikanene mu Epulo. Ndikanene chiyani ine? Zaka zonsezi zapita ndi mphepo. Windo langa ndayamba kudana nalo, chisa chija chadzaza chipale chofewa ndipo ndikudziwa kuti mwini wake sabweranso.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukayang'ane m'mbali mwa mtaya, chakumene kumadikha madzi. Mukamupeza, mudule timalamba n'kunditumizira kabokosi, mwina muli kanthu kamene ndingapulumutse. Mtembowo musavutike nawo, chimene ndikufuna ndi kabokosi.

Mlongo wanu.

17 Febuluwale

A Dokotala,

Moni. Ndiye mwayamba kulira maliro mwini wake ali moyo? Nditawerenga kalata yako ndinapita kukamugwira pakhosi mnzanga uja. Kalata yanga ya mu Januwale ndinaipeza m'lole, kuseri kwa mpando, pamodzi ndi malisiti a dizilo. Akuti anaiwala. Ndaitenga, ndiponya ndekha pamodzi ndi iyi. Uyambe kuwerenga iyo.

Koma mawu ako andiwawa, ndisakubisire. "Mtembowo musavutike nawo." Ine ndili ndi chipsera pachipumi, mlamu wako amadzuka m'mamawa kukatsuka bala asanapite kukatsuka a anthu, amayi amakhala pampando pafupi ndi khola kumamuuza nkhani zako zonse, ndi zija za kukodza pamphasa. Iwe n'kumati ukufuna kabokosi basi? Sukulu yakuumitsa mtima, mlongo wanga. Sindidula lamba aliyense. Katundu wako adzabweretsa yekha mwini ulendo.

Wachira. Amaima ndi mwendo umodzi, womwe unavulala uja, kuti tione. Akamva lole yanga ikulowa mumsewu wathu amagwetsa mutu kumbuyo n'kumawombanitsa milomo, khwakhwakhwa, mpaka aneba anayamba kudandaula. Phiko nalo lakhala bwino, akumakupiza mpaka fumbi koboo m'khola monse.

Anzake kumtaya ayamba kuchepa. Dzuwa likatentha amazungulira m'mwamba, kukwera, kukwera, kenako osaonekanso. Tapangana kuti Loweruka loyamba la Malichi tikamusiye kumeneko apite nawo. Anzanga onse a pa lole adzakhalapo, woyendetsa katapila akuti adzavala tayi. Amayi abwerezanso kusoka timabatani ta kajasi kaja ndi ulusi wa nsapato, akuti ngakhale mphepo ya m'chipululu isadzakachotse. Katundu wako adzafika ali wouma, zimenezo ndikulonjeza.

Magalasi afika, amayi akuthokoza. Za jekete la mlamu wako sindinenanso.

Mlongo wako, amene akadali wokwiya pang'ono.

8 Malichi

Achimwene,

Makalata anu awiri afika lero, tsiku limodzi. Nditawerenga kuti ali moyo ndinakuwa mu ofesi, anzanga anathamanga kuganiza kuti ndapsa ndi tiyi. Kenako ndinafika pa kajasi.

Achimwene! Ndinalemba. Ndinalemba m'kalata yoyambirira kuti kabokosi kamadya dzuwa, kakasowa dzuwa kamazima. Ndinakupemphaninso kuti musamadumphe. Madzi sakaopa, kanapangidwa kuti kazinyowa. Chimene chinakapha ndi ambulera. Mizere itatu yokha imene inakuwawitsani mutu ija ndiyo inali moyo wanga wonse.

Ndathamangira pa foni, yanu ili pansi pa matope, ya alamu ili ndi wakuba. Ndaimbira ku ofesi ya zinyalala, andiuza kuti madalaivala alibe foni ya pa desiki, ndipo Loweruka lija ladutsa kale. Ndiye panopa Wachikwama ali m'mwamba penapake, wamoyo, wamphamvu, atavala kajasi kosokedwa ndi ulusi wa nsapato, ndipo ine sindidzadziwa njira imene wadutsa, kumene wagona, kaya wadyanso kumtaya wina. Ngakhale atafika pachisa, akuluakulu safuna mbalame, amafuna ulendo wake wolembedwa.

Ndikudziwa munamupulumutsa. Ndikudziwa munalowa m'matope chifukwa cha ine. Mawa mwina ndidzathokoza bwino. Lero ndakwiya, ndipo chondipweteka kwambiri n'chakuti palibe woti ndimukalipire, popeza nonse munachita zimenezi pondikonda.

Mlongo wanu.

10 Malichi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndikulemba ndekha ndi magalasi unatumiza aja, chifukwa mchimwene wako akhoza kudumpha zina. Ndili bwino. Iwe ukudya koma?

Ndakulakwira mwana wanga, ndipo ndati ndikuuze ndekha. Mbalame yako yapita yosavala.

Zinali chonchi. Linali Lachisanu, mawa lake ndiye tsiku loti akaisiye kumtaya. Nditayang'ana kajasi kaja ndinachita manyazi. Kanali kakuda bii ndi fumbi la m'khola, zitosi, mamba a nsomba. Ndinati mlendo wakhala pakhomo panga miyezi iwiri, akafike kwa mwana wanga atavala zauve chonchi, anthu a kumeneko akati amachokera kunyumba kwa ndani? Ndinaitana mlamu wako, iye anaigwira mlomo mbalameyo, ine ndinamasula timabatani. Ndinakachapa bwinobwino ndi sopo. Dzuwa linali laswa mtengo, ndinati kauma msanga, madzulo ndikasita n'kuiveka.

Chitseko cha khola ndinangochikankha osakhoma, manja anali ndi thovu. Ndili pachingwe kuyanika, ndinamva khwakhwakhwa kumbuyo. Kucheuka, ili pabwalo, yatambasula mapiko padzuwa, ikuyang'ana kumwamba ndi diso limodzi. Nanenso ndinayang'ana. Anzake anali akuzungulira pamwamba pa nyumba yathu, ambirimbiri.

Inathamanga pang'ono, kudutsa pakati pa ndowa ndi mbaula, basi yanyamuka. Inagunda nthambi ya mpapaya, ndinati igwa, koma ayi. Ine ndi mwendo wangawu ndinaithamangira mpaka pamsewu, kajasi kakudontha m'manja, ndikukuwa kuti bwerera uvale. Ana a sukulu anandiseka. Inakwera mozungulira mpaka inasanduka kadontho, kenako sindinathenso kuisiyanitsa ndi zinzake.

Mchimwene wako atabwera anangokhala pakhonde, anali atauza kale anzake. Ine chakudya sichinalowe. Mvula ikagwa ndimaganiza za katundu wako ali pamtunda, akunyowa. Ngati waonongeka, uwauze akuluakulu akowo kuti wolakwa si iwe, ndi mayi ako amene anafuna ukhondo. Undikhululukire.

Mayi ako.

29 Epulo

Amayi, achimwene, alamu,

Moni nonse! Achimwene, iyi muwerenge yonse, muimirire pakhonde, a nyumba yachitatu amvenso. Koma yanga ya pa 8 Malichi ija, ngati simunawawerengere amayi, imeneyo yokha dumphani yonse.

Amayi, palibe choti ndikukhululukireni. Sopo wanu ndi amene wandipulumutsa. Kabokosi kaja kamadya dzuwa, kajasi kanali katakatseka pakamwa. Mukanasita n'kumuveka, bwenzi pano ndikulongedza masutikesi.

Batire linali litaferatu, ndiye linatenga masiku kuti lidzuke. Chapakati pa Malichi, kalata yanu isanafike n'komwe, ndinatsegula kompyuta mwa chizolowezi chabe, ndilibe chiyembekezo. Ndinaona kadontho kofiira pa mapu, kutali ndi kwathu, kumpoto. Ndinati makina asokonekera. Ndinazimitsa, n'kuyatsanso. Kadontho kanali katasuntha. Ndinathamanga m'khonde lonse ndilibe nsapato imodzi kukagogoda kwa apulofesa. Iwo anayang'ana, anati, "Kabokosi kovala kajasi kaja kadzuka bwanji?" Yankho linabwera ndi kalata ya amayi. Nditawamasulira, anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anapempha kuti ndibwerezenso paja pa ndowa ndi mbaula.

Kuyambira pamenepo nyumba yonse inakhala ya Wachikwama. Ofufuza za nyenyezi a pamwamba pathu, amene satipatsa n'komwe moni ife a mbalame, ankatsika m'mawa uliwonse ndi makapu awo kudzafunsa kuti wafika pati. Tinamuona akutsata mtsinje, akuima pa mitaya ina iwiri kudya, kenako akulowa m'chipululu. M'menemo anazimanso masiku angapo chifukwa kulibe netiweki, ine chakudya osachifuna. Atatulukira tsidya lina anatumiza zonse pamodzi, njira yonse, osasowa ndi pamodzi pomwe. Pa nyanja sanadutse pakati, chifukwa pamwamba pa madzi sipakwera mpweya wotentha. Anazungulira mpaka anapeza pamene nyanja yapanikizika, n'kuwolokera pamenepo.

Alamu, gawo ili ndi lanu. Mwamuna wake anali atafika kale pachisa. Anadikira, anadikira, kenako tinangoona pabwera mkazi wina, wayamba kukonza timitengo ngati pakhomo pake. Lachitatu masana kadontho kanafika pamwamba pa tauni yathu. Tonse tinaunjikana pawindo. Anatsika miyendo ili lendelende, osapumula n'komwe, n'kutera pamsana pa mkazi uja. Nthenga zinauluka. Sipanatenge nthawi, mlendo anathawa osayang'ana kumbuyo, ndipo bambo uja anagwetsa mutu n'kuyamba kuwomba milomo ngati sakudziwa kanthu. Achimwene munanena zoona, ameneyu ndi chigawenga.

Dzulo akuluakulu anakhala pansi. Ndinawaonetsa mapu, ulendo wopita ndi wobwerera, ndi mpata wa miyezi iwiri pakati. Mmodzi, mayi wokalipa amene aliyense amamuopa, anafunsa kuti mpatawo ndi wa chiyani, ndipo tingadziwe bwanji kuti mbalame inalidi m'manja mwa anthu osati makina anangofa. Ndinawauza za chingwe, za khola, za ambulera. Sanaseke. Anati akufuna kuiona yekha mbalameyo.

Tinapita nawo ku ofesi yanga, onse ndi masuti awo. Mayi uja anatenga magalasi oonera patali, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Pali chachilendo. Nthenga za pamwamba pa mwendo wakumanzere ndi zofiirira ngati inki. Ndaona adokowe moyo wanga wonse, mtundu umenewu sindinauonepo."

Ndinalanda magalasi aja m'manja mwawo, ulemu ndinaiwala. Alamu, ndi jivi wanu! Munapaka ngati mukupenta nyumba, wadutsa chipululu ndi nyanja osachoka. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana mwendo umene manja anu anagwira, pachumuni cha dziko la eni, ndipo ndinalira pamaso pa akuluakulu onse osachita manyazi. Ndinawauza kuti amenewo ndi mankhwala a mabala, anapaka ndi alamu anga, kuseri kwa bafa lathu.

Mayi uja anatenganso magalasi, anayang'ananso kachiwiri. Kenako anatembenukira kwa anzake n'kunena kuti kafukufuku apitirire, ndipo lipoti likamatuluka, pansi pa dzina langa palembedwenso anthu atatu: woyendetsa lole, wotsuka mabala, ndi telala.

Amayi, ndapambana. Tapambana tonse. M'mawa uno Wachikwama waikira dzira.

Mzime wanu.